Kodi n'zoona kuti asayansi ayamba kumeretsa impso mu labotale?

Funso

Alongo anga akhala pa dayalisisi, makina osefa magazi aja, zaka ziwiri tsopano, ndipo banja lonse tatopa, m'thumba ndi mumtima momwe. Sabata yatha mwana wanga anandionetsa kavidiyo pa WhatsApp konena kuti kunja asayansi ayamba kupanga impso mu labotale kuchokera ku khungu la munthu. Kenako mnzathu wina watiuza kuti akudziwa chipatala cha kunja chimene chimabaya odwala ma stem cell (maselo amene angasanduke a ziwalo zosiyanasiyana), impso zofa n'kudzukanso. Abale ena akuti tigulitse munda tiwatumize. Kodi zimenezi n'zoona? Ngati impso zopangazo zilipodi, bwanji sakupatsa odwala?

Mayi wa ku Zomba

Yankho

Pepani ndi matenda, mayi. Ndiyambe ndi za munda poti ndi zimene sizingadikire: musagulitse. Palibe chipatala padziko pano, kaya ku America, ku Japan kapena ku India, chimene chinaikapo impso yomeretsedwa mu labotale m'thupi la munthu n'kumuchotsa pa dayalisisi. Koma kavidiyo ka mwana wanuko sikakunama kotheratu ayi. Chinthu chimene akunenacho chilipodi, ndipo ine ndachilerapo. Kungoti dzina loti impso lachikulira, ngati mwana wovala jekete la bambo ake.

Asayansi amachitchula kuti organoid, ine ndizingoti kaimpso. Mukatsegula kabati yofunditsira maselo, imene imakhala pa madigiri 37 ngati thupi la munthu, mumatulutsa kambale kapulasitiki kokhala ndi timaenje. M'kaenje kalikonse muli timadzi tofiirira ngati Sobo wochulukira madzi, ndipo muli kadontho koyererako, kokulirapo pang'ono kuposa njere ya mapira. Timadzito ndi chakudya chake. Tikayamba kusanduka tachikasu ndiye kuti maselo adya ndipo aipitsa, muyenera kusintha tsiku lomwelo, kaya ndi Lamlungu kaya ndi Khirisimasi. Ndi maso simuona chodabwitsa. Koma mukakaika pa maikulosikopu mumaona timachubu topindikapindika ngati matumbo a nkhuku, ndi timipira kumapeto kwake. Ndi tiziwalo tomweto timene timasefa magazi mwa inu ndi ine. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinakhala pampando nthawi yaitali osachotsa diso. Komabe n'kadontho basi. Impso ya munthu wamkulu imafanana ndi chibakera chake, ndipo imalemera magalamu pafupifupi 150.

Timangoti impso imasefa magazi, ngati kuti ndi sefa wa ufa. Zenizeni n'zakuti pa tsiku impso ziwiri zimatulutsa m'magazi madzi okwana malita pafupifupi 180, kenako zimabweza m'thupi pafupifupi onsewo, pamodzi ndi shuga, mchere ndi zina zofunika, n'kungosiya lita imodzi kapena awiri kuti akhale mkodzo. Zili ngati munthu amene wakhuthulira thumba lonse la chimanga pamkeka n'kuyamba kutola njere zabwino imodziimodzi, anankafumbwe ndi zitsotso n'kutsala pansi. Ntchitoyi imachitika m'timasefa totchedwa nefuroni, pafupifupi miliyoni imodzi mu impso iliyonse, ndipo mu impsomo muli mitundu ya maselo yoposa 20, uliwonse pamalo pake. Chowawa n'chakuti thupi limasiya kupanga nefuroni zatsopano mwana akadali m'mimba, cha m'ma sabata 36. Zimene munthu wabadwa nazo ndi zomwezo mpaka kumanda. Chiwindi mukachidula chimaphukanso. Impso imatha kukonza kachubu kamene kavulala pang'ono, koma nefuroni ikafa yafa. N'chifukwa chake mawu a mnzanu aja oti impso zofa zimadzukanso anandikayikitsa ndisanamalize n'kuwerenga komwe.

Nanga asayansi akutayiranji nthawi ndi ndalama pa kadontho? Nkhani yagona pa kuyesa mankhwala.

Kwa zaka zambiri, wofuna kudziwa ngati mankhwala atsopano angaononge impso anali ndi njira ziwiri: kupatsa makoswe, kapena kuthira pa maselo oyalidwa pansi pa mbale. Maselo otere alipo otchuka. Ena amatchedwa MDCK, anachokera mu impso ya galu mu 1958 ndipo mpaka lero akuswanabe m'malabotale padziko lonse. Ena ndi HK-2, a munthu, a mu 1994. Vuto lake n'loti selo la impso mukaligoneka pa pulasitiki yafulati limaiwala mwambo wa kwawo. M'thupi selo la m'kachubu lili ndi kumaso ndi kumbuyo. Mbali ina imayang'ana mkodzo ukudutsa, ina imayang'ana magazi, ndipo mbali iliyonse ili ndi timakomo take tolowetsera ndi kutulutsira zinthu. Pa mbale timakomo tambiri timazimirira. Maselo a HK-2 mwachitsanzo alibe kwenikweni timakomo totchedwa OAT1 ndi OAT3. Tsono mukawathira mankhwala amene amalowera pamenepo, mankhwalawo amangotsala panja, maselo ali bwinobwino, wofufuza n'kulemba m'kope kuti palibe choopsa. Choopsacho chimakaonekera mwa wodwala. Makoswe nawo ali ndi timakomo tosiyana ndi tathu, moti ngakhale khoswe wamphongo ndi wamkazi sagwirizana.

Ofufuza anazindikira kale kuti maselo a galu aja akawamiza m'phala lonanda la collagen (puloteni yomanga minofu), m'malo mowayala, amasonkhana okha n'kupanga timipira tamphako. Mu 1991 gulu lina ku Geneva linaonetsa kuti powathira puloteni yotchedwa HGF amaphuka timachubu tanthambi. Selo likakhala ndi anzake pamwamba, pansi ndi m'mbali, limakumbuka ntchito yake. Asayansi akamati kulera maselo mu 3D amatanthauza zimenezo.

Za khungu zimene mwamvazo zinayambira ku Kyoto. Mu 2006 Shinya Yamanaka anaonetsa pa mbewa, ndipo mu 2007 pa munthu, kuti selo lokhwima la pakhungu lingabwezedwe ku ukhanda polilowetsa majini (timalangizo ta chibadwa ta m'selo) anayi okha. Selo lobwezedwalo lingasanduke la chiwalo chilichonse, kutengera zimene mwaliuza. Analandira mphoto ya Nobel mu 2012. Chinatsala n'kupeza mawu oliuza kuti likhale impso. Gulu la Ryuichi Nishinakamura ku Kumamoto linatsegula njira mu 2014, ndipo mu 2015 anatulukira angapo pafupifupi nthawi imodzi: Melissa Little ndi Minoru Takasato ku Australia, komanso Ryuji Morizane ndi Benjamin Freedman, aliyense ndi njira yake, mu labotale ya Joseph Bonventre ku Boston. Kaphikidwe kake kamatsanzira zimene zimachitika mwa mluza m'mimba mwa mayi. Amayamba ndi mankhwala otchedwa CHIR99021 kwa masiku angapo, ambiri n'kutsatiza puloteni ya FGF9. Kuphonya ndi tsiku limodzi lokha kumasintha zotsatira, ngati thobwa mukathira chimera phala likadali lotentha kwambiri. Pakatha milungu itatu kapena inayi kaimpso kaja kaoneka, ndipo palibe amene anandandalika maselowo m'mizere. Anadziumba okha.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife kwathu kuno, ngakhale malabotale ake ali kutali. Mankhwala ambiri amene timadalira amadutsa pa timakomo tija. Tenofovir, amene ali m'piritsi la ma ARV limene anthu ambiri amamwa ku Malawi ndi ku Zambia, amalowa m'selo la kachubu kudzera pa OAT1, ndipo mwa anthu ochepa amaunjikana n'kufooketsa timainjini topanga mphamvu m'selomo. Gentamicin, jekeseni yodziwika m'mawodi a ana, amamezedwa ndi puloteni yotchedwa megalin n'kukhazikika m'selo lomwelo. Cisplatin, amene amapatsa amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero, amalowera pa OCT2. Amphotericin B, wopulumutsa anthu ku matenda oumitsa khosi a cryptococcus, amaboola khungu la maselo a m'timachubu. Musandimve molakwa: onsewa ndi mankhwala opulumutsa moyo, ndipo amene akulandira asasiye. Chofunika n'kuyezetsa impso nthawi ndi nthawi. Koma taganizani zikanakhala kuti wopanga mankhwala amadziwiratu zimenezi asanapatse munthu ngakhale mmodzi.

Gulu la Little litathira cisplatin pa tiimpso tawo, maselo amene anafa kwambiri anali a kachubu koyambirira, pamalo pomwepo pamene pamavulala mwa wodwala. Morizane anaona zofanana ndi gentamicin: tiimpso tinayamba kutulutsa chizindikiro cha kuvulala chotchedwa KIM-1, chimene chimapezekanso mumkodzo wa munthu impso zikavulala. Pofika mu 2018 Freedman, atasamukira ku Seattle, anali akumeretsa tiimpso ndi maloboti m'mbale za timaenje 384, kutanthauza kuti mankhwala ambirimbiri angayesedwe nthawi imodzi pa minofu ya munthu popanda munthu kuvulala.

Palinso mtundu wina umene suyambira ku khungu. Ndi kachipangizo kapulasitiki kosaposa bokosi la machesi, mkati mwake muli kangalande kopyapyala ngati tsitsi, koyalidwa maselo a impso, ndipo madzi amayendamo usana ndi usiku ngati mkodzo. Maselo amakumva kuyenda kwa madziko, ndipo kumawakhwimitsa. Gulu la Donald Ingber ku Harvard linaonetsa kachipangizo kotere mu 2013, Jennifer Lewis komweko anasindikiza kachubu ka impso ndi pulinta ya 3D mu 2016, ndipo gulu lina la ku Seattle linatumiza tawo mumlengalenga, ku International Space Station, mu 2019. Ine chimene chimandigwira mtima si za mumlengalengazo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Brussels, amayi oposa 100 amene ankamwa zitsamba zochepetsa thupi anaonongeka impso, ambiri mpaka kufika pa dayalisisi, ena n'kudzadwala khansa ya m'njira ya mkodzo. M'zitsambazo munalowa chomera cha Aristolochia. Mu 2017 a ku Seattle analumikiza kachipangizo ka chiwindi ndi ka impso, n'kupeza kuti poizoni wa chomeracho amakula ukali akayamba wadutsa m'chiwindi. Pa mbale ya maselo a impso okhaokha zimenezi sizikanaoneka. Ndimalakalaka tsiku lina wina atadzayesa motere mabotolo aja ogulitsidwa m'madepoti, olembedwa kuti amatsuka impso.

Ngakhale malamulo ayamba kutsatira. Mu December 2022 dziko la America linachotsa lamulo lokakamiza kuti mankhwala aliwonse atsopano ayesedwe kaye pa nyama, n'kulola umboni wochokera ku maselo ndi tizipangizo totere. Izi sizikutanthauza kuti makoswe apuma. Tiimpso n'tosakhwima, timakomo take tina n'tofooka, ndipo tophikidwa mwezi uno timasiyana ndi ta mwezi watha ngakhale wophika ndi yemweyo. Kampani yanzeru imayesa njira zonse.

Ntchito ina ndi yophunzirira matenda akumtundu. Pali nthenda imene impso zimadzaza timatumba ta madzi mpaka kufa. Freedman anadula jini ya PKD1 kapena PKD2 ndi lumo la majini lotchedwa CRISPR, ndipo tiimpso tinayamba kutupa timatumba tomweto, tina mpaka sentimita imodzi, tooneka ndi maso. Koma yathu kwambiri ndi ya jini yotchedwa APOL1. Mu 2010 gulu la Martin Pollak ku Boston linapeza kuti mitundu iwiri ya jini imeneyi, G1 ndi G2, yopezeka mwa anthu a mu Africa makamaka chakumadzulo, imakweza ngozi ya matenda a impso, makamaka munthu akatengera kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Mitundu yomweyo imapha tizilombo ta kaodzera wa rhodesiense, yemwe kashembe amafalitsa ku Nkhotakota ndi ku Rumphi. Chishango cha makolo chinasanduka mkondo kwa zidzukulu. Mbewa ndi makoswe alibe jini imeneyi n'komwe, ndiye maselo a munthu ndi ofunika kwambiri poifufuza. Chondidandaulitsa n'chakuti maselo ambiri osungidwa m'malabotale anachokera kwa azungu. Ku Utrecht mu 2019 gulu la Hans Clevers linameretsa timachubu ta impso kuchokera ku maselo opezeka mumkodzo, popanda singano kapena mpeni. Njira yotere ingathandize kuti magazi a kuno nawonso aimiriridwe, ngati mayunivesite athu ataigwira.

Tsono ku funso lanu lenileni, loti bwanji sakupatsa odwala.

Tiyambe ndi masamu. Kaimpso kamodzi kali ndi nefuroni makumi kapena mazana ochepa. Kuti alongo anu achoke pa makina, pafunika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu ya impso ziwiri, ndiye kuti nefuroni zogwira ntchito pafupifupi 200,000. Kenako magazi. Impso zimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa asanu la magazi onse amene mtima umapopa, koma kaimpso kalibe mtsempha woti dokotala asokerere. Popanda mitsempha, mpweya umangolowa pafupifupi mamilimita 0.2, ndiye kakati kakule, pakati pake pamayamba kufa. Ndipo ngakhale katasefa, mkodzowo upita kuti? Timachubu take timangothera m'malere, palibe paipi yopita kuchikhodzodzo. Ndi nyumba yokhala ndi mipope m'chipinda chilichonse koma yopanda ngalande. Mwa mluza, mapaipi otolera mkodzo amachokera ku mphukira ina yosiyana ndi ya nefuroni, ndipo kulumikiza ziwirizi bwinobwino ndi maselo a munthu ndi ntchito imene ikadali pa moto.

Chinanso, kaimpso kamafanana ndi impso ya mwana wa miyezi yoyambirira m'mimba, osati ya munthu wamkulu. Ndipo m'katimo mumalowa alendo. Mu 2018 gulu la Benjamin Humphreys ku St Louis linawerenga maselo a tiimpso limodzilimodzi n'kupeza kuti 10 mpaka 20 pa 100 alionse sanali a impso n'komwe, ena anali a ubongo, ena a mnofu. Tiimpso tikakhalitsa mwa mbewa nthawi zina timamera chicherewecherewe. Selo limodzi lotsalira pa ukhanda lingathe kuyambitsa chotupa. Pa mbale zimenezi zimangosokoneza kafukufuku, koma m'mimba mwa alongo anu ndi nkhani ya moyo.

Akuyesetsa ndithu. Mu 2018 ku Leiden anaika tiimpso pa impso ya mbewa, mitsempha ya mbewayo n'kumera kulowa mkati. Chaka chomwecho ku Manchester anaika maselo oyambira a impso pansi pa khungu la mbewa n'kuona kuti timasefa timene tinamera tayamba kusefa pang'ono. Mu 2013 Harald Ott ku Boston anatsuka impso ya khoswe mpaka kutsala chigoba chokha, n'kuthiramo maselo atsopano, ndipo inatulutsa timadontho ta mkodzo. Papita zaka zoposa khumi, sizinafikebe kwa munthu. Mu 2023 ku Guangzhou anameretsa chiyambi cha impso ya maselo a munthu mwa miluza ya nkhumba, n'kuimitsa pa masiku 28. Kunena zoona, chimene chayandikira kuchipatala ndi impso ya nkhumba yosinthidwa majini. Richard Slayman anaikidwa yotere ku Boston mu March 2024, anamwalira patatha pafupifupi miyezi iwiri, ngakhale madokotala ake anati sanaone umboni woti impsoyo ndi imene inachititsa. Towana Looney ku New York anakhala nayo masiku 130 thupi lisanaikane, n'kubwerera pa dayalisisi. Amenewa ndi anthu owerengeka pa zala, osankhidwa mosamala pa kafukufuku. Sizogulitsa.

Nanga chipatala cha mnzanu chija chimabaya chiyani? Kawirikawiri ndi maselo otengedwa m'mafuta, m'mafupa kapena mumchombo wa khanda, olowetsedwa pa diripi. Ambiri amakakodwa m'mapapo n'kuzimirira patangopita masiku ochepa, ndipo palibe umboni woti amamanga nefuroni ngakhale imodzi. Mu 2010 madokotala a ku Bangkok ndi ku Toronto analemba za mayi wina wodwala impso amene anabayidwa maselo otere mu impso mwenimweni pa chipatala china cholipira. Impso sizinadzuke. M'malo mwake munamera zotupa zachilendo za mitsempha, impso imodzi inachotsedwa, ndipo patapita nthawi anamwalira. Zithunzi za zipatala zimenezi pa intaneti zimakhala zokongola, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kafukufuku weniweni salipiritsa wodwala ndalama za mankhwala oyesedwawo, amakhala ndi chilolezo cha komiti yoteteza odwala, ndipo amakuuzani poyera kuti mwina sizithandiza. Amene akuyamba ndi kukutumizirani nambala ya akaunti, mwadziwa kale.

Njira imene imachotsadi munthu pa dayalisisi ilipo kuyambira mu 1954, pamene Joseph Murray ku Boston anasamutsa impso kuchoka mwa mnyamata kupita mwa mnzake amene anabadwa naye mapasa. Ndi impso ya munthu, makamaka ya m'bale wamoyo. Amalawi ambiri amene anachitidwa opaleshoni imeneyi anapita ku India. Ngati banja lili ndi mphamvu yosonkha, isungireni kumeneko, koma mutadziwa kuti ndalama sizithera pa opaleshoni. Wolandira impso amamwa mankhwala monga tacrolimus moyo wake wonse kuti thupi lisaikane, ndipo akawadukiza impsoyo imatha kutayika. Munda umene ungagulitsidwe lero ndi womwewo umene ungadzagule mankhwalawo chaka ndi chaka.

Pa tsiku lotsatira la dayalisisi mupite nawo limodzi alongo anuwo, mutenge kope. Mukafunse adokotala ngati thupi lawo lingapirire opaleshoni, chimene chinapha impso zawo, ndani m'banja angayezedwe kuti apereke, ndiponso njira imene boma limatumizira odwala kunja. Ngati chinayambitsa ndi BP, shuga kapena nthenda yakumtundu, inuyo ndi ana anu mukayezetse BP, shuga ndi mkodzo tsiku lomwelo, ndipo brufen ndi diclofenac wa pagolosale musamangomwa ngati mtedza. Kavidiyo kaja musafufute. Mukawaonetse adokotalawo pamodzi ndi dzina la chipatala chimene mnzanu wakupatsani.